Kuchoka ku Blantyre mpaka patsinde pa Everest: kukonzekera ndi kuyenda kwake

Usiku wachiwiri wa ulendo wopita patsinde pa phiri la Everest mumagona m'tauni yaing'ono ya Namche Bazaar, pamtunda wa mamita 3,440. Sapitwa wathu uja, nsonga yomwe timainyadira ku Mulanje, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti pa tsiku lachiwiri lokha bedi lanu lili kale pamwamba kuposa mwala uliwonse m'Malawi muno, chonsecho kutsogolo kudakali mamita ena pafupifupi 2,000 oti mukwere. Anzanga a kuno ku Blantyre akamandifunsa za ulendowu amafunsa za miyendo: kodi ndingayende masiku 12 osagwa? Munthu wokulira m'zitunda za Ndirande kapena Chilomoni miyendo sichimuvuta. Chimene chimabweza anthu panjira ndi mpweya, ndipo mpweya sumva mphamvu. Umafuna kuupatsa nthawi.

Timvane kaye. Sindikunena zokwera pansonga pa Everest, mamita 8,848.86, pamene Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anayamba kupondapo pa 29 Meyi 1953, ndi pamene Saray Khumalo, mayi wobadwira ku Zambia kuno kwa aneba, anafika mu 2019. Imeneyo ndi ntchito ya zingwe, mabotolo a okosijeni ndi ndalama zoopsa. Ndikunena za kuyenda wapansi kukafika pa msasa wa okwera phiriwo, umene aliyense amautchula kuti Base Camp, mbali ya dziko la Nepal, pa mamita 5,364. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 130. Simufunika chingwe kapena luso la m'miyala.

Yambani ndi kusankha mwezi

Nyengo zabwino ndi ziwiri: Malichi mpaka Meyi, ndi Okutobala mpaka Novembala. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumeneko ndi dzinja la mvula yamphamvu, mitambo imatseka mapiri ndipo ndege zimalephereka. Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koopsa.

Kwa ife a kuno ndimalimbikitsa Okutobala kapena Novembala, chifukwa miyezi yokonzekera imagwera m'chilimwe chathu, pamene njira za pa Mulanje zauma. Wosankha Epulo amayenera kukonzekera mvula ili m'kati, miyala ikuterera, mitsinje itadzaza. Ubwino wa Epulo ndi Meyi ndi wakuti mumakapeza mahema a okwera pansonga atadzaza pa Base Camp. Mu Novembala mumapeza miyala, madzi oundana ndi timbendera ta mapemphero, koma thambo limakhala loyera mbee.

Mukasankha mwezi, bwererani m'mbuyo miyezi isanu ndi umodzi. Kukonzekera kuyambire pamenepo.

Kuchipatala kaye, kenako kumapiri athu

Pali zinthu zitatu zoti mukambirane ndi dokotala, ndipo chimodzi mwa izo anthu olemba za ulendowu kunja sachitchula kawirikawiri chifukwa kwawo sichofala. Kayezetseni magazi ngati muli ndi mbewu ya sickle cell. Anthu ambiri kuno ali nayo osadziwa, chifukwa munthu wongonyamula mbewuyo amakhala bwinobwino moyo wake wonse. Koma pamalo a mpweya wochepa maselo a magazi amatha kupindika n'kutseka mitsempha ya m'kapamba, munthu n'kumva ululu woopsa kumanzere kwa mimba. Mudziwiretu muli kuno, dokotala akuuzeni zoti muchite.

Chachiwiri, mtima, mapapo ndi kuthamanga kwa magazi. Chachitatu, mankhwala a acetazolamide, amene ambiri amawadziwa kuti Diamox. Amathandiza thupi kuzolowera msanga mpweya wochepa, ndipo mlingo wodzitetezera womwe madokotala amapereka kawirikawiri ndi mamiligalamu 125 kawiri pa tsiku. Amachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi. Musagule pa inu nokha, makamaka ngati thupi lanu limadana ndi mankhwala a sulfa.

Kutatsala masiku ochepa kuti munyamuke, kayezetseni malungo. Ku Khumbu, dera limene njira ya ku Everest imadutsa, kulibe udzudzu wa malungo, koma malungo mungathe kuwanyamula kuchokera kuno n'kukakugwirani muli ku Dingboche, umodzi mwa midzi yogonamo panjirayo, ndipo mutu wa malungo ndi mutu wobwera ndi mpweya wochepa wa pamwamba zimasokoneza. Mukamva kutentha thupi ndi kunjenjemera muli kumeneko, muwauze okuthandizani kuti mwachokera kudziko la malungo.

Tsopano mapiri. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo tazunguliridwa ndi Michiru, Ndirande ndi Soche. Miyezi iwiri yoyamba kwerani limodzi mwa mapiriwa Loweruka lililonse, muli gulu, ndi chikwama cha makilogalamu asanu kapena asanu ndi awiri kumsana. M'kati mwa sabata yendani ola limodzi katatu. Kuthamanga pamalo osalala sikukwanira. Zimene mukufuna ndi maondo ozolowera kutsika ndi thupi lotha kudzukanso mawa lake n'kuyendanso.

Kenako Mulanje, kawiri kapena katatu. Yambirani ku Likhubula, lembetsani ku ofesi ya zankhalango, tengani wotsogolera ndi wonyamula katundu. Tsiku loyamba kwerani njira ya Skyline kukagona ku Chambe, lachiwiri mukagone ku Chisepo, lachitatu Sapitwa m'mamawa. Ndikuuzeni zoona: Skyline ndi yotsetsereka kuposa masiku ambiri a njira ya Everest, ndipo pa Sapitwa mumakwera ndi manja, zimene ku Nepal simudzachita. Mukatsika Mulanje masiku anayi muli ndi mphamvu zotsala, miyendo yakwana. Ulendo umodzi mupite mu Juni kapena Julayi, kuti chiperoni chikuyeseni zovala zanu ndi kukuphunzitsani kuvala zingapo zopyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala.

Chinthu chimodzi Mulanje sangakupatseni. Kuzolowera mpweya wa pa mamita 4,000 kapena 5,000 kumachitikira komweko, ndipo ngakhale mutagona pa Sapitwa sabata yonse, kuzolowera kumeneko kumatha mukangotsika masiku angapo.

Mapepala, ndege ndi ndalama

Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala. Viza ya Nepal imagulidwa pabwalo la ndege la Tribhuvan ku Kathmandu: madola 30 ya masiku 15, madola 50 ya masiku 30. Tengani ya masiku 30, ya 15 imathina ndege za ku Lukla, kumene ulendo wapansi umayambira, zikachedwa. Malamulo a viza amasintha, choncho atsimikizeni musanalipire tikiti. Nyamulaninso kadi yachikasu ya katemera, poti mudutsa m'maiko ena a mu Africa.

Kuchoka pa Chileka palibe ndege yolunjika. Mudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg, kenako Doha, Dubai kapena Delhi. Wotchi ya ku Nepal ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi mphindi 45, muwauziretu a kunyumba kuti asamaimbe muli m'tulo.

Kampani yokutsogolerani kuchokera ku Kathmandu imafuna madola oposa 1,000, tikiti yochokera kuno ili payokha. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, ndiye yambani kufunsa kubanki kwanu miyezi ingapo isanakwane nthawi, muli ndi tikiti ndi kalata ya kampaniyo m'manja. Musanalipire funsani mafunso awa: masiku opumira ndi angati, wotsogolera mmodzi amayang'anira anthu angati, onyamula katundu ali ndi inshulansi, ndipo wina akadwala gulu limatani. Kampani ikakulonjezani Base Camp m'masiku asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, yadula masiku opumira. Ikaneni.

Inshulansi yanu ilembe momveka kuti ikufika mamita 6,000 ndipo ikulipira helikopita. Zambiri zapaulendo wamba zimathera pansi kwambiri. Zilolezo ndi ziwiri, cha Sagarmatha National Park ndi cha boma laling'ono la Khumbu Pasang Lhamu, ndipo zonse zimapezeka panjira.

Katundu

Ndege ya ku Lukla imalola makilogalamu 15 onse pamodzi, ndiye musadzaze. Nsapato ndiye chinthu chosanyengerera: jombo zogwira akakolo, zosalowa madzi, zotakasuka pang'ono kuti zala zisamagunde kutsogolo potsika. Zigulidwe msanga, zikwere nanu Michiru ndi Mulanje. Nsapato yatsopano pa tsiku loyamba ndi matuza pa tsiku lachitatu.

Zovala zambiri ndinazipeza pa kaunjika ku Limbe: majuzi aubweya, mathalauzi ouma msanga, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, magolovesi, chipewa chophimba makutu. Pewani za thonje zogunda thupi, zimasunga thukuta n'kukuzizirani mukaima. Jekete yanthenga ndi chikwama chogonamo cha kozizira kwambiri musavutike nazo kuno, amabwereketsa ku Thamel, mu Kathmandu, pamtengo wa pa tsiku. Onjezani magalasi a dzuwa enieni, mafuta a pamilomo, mafuta oteteza khungu ku dzuwa chifukwa khungu lakuda nalonso limapsa pamwamba paja, tochi ya pamutu, ndodo ziwiri, mabotolo awiri a madzi ndi mapilitsi oyeretsera madzi. Ine ndinatenganso mtedza wokazinga ndi kabotolo ka chiponde. Pamwamba chilakolako cha chakudya chimathawa, ndipo chakudya cha kwanu chimalowa pamene china chakana.

Lukla mpaka Namche

Nthawi ya alendo ambiri ndege za ku Lukla zimanyamukira ku Ramechhap, ulendo wa maola anayi kapena asanu pagalimoto kuchokera ku Kathmandu, ndipo mumadzuka pakati pa usiku. Bwalo la Lukla lili pa mamita oposa 2,800, msewu wake woterapo ndi wa mamita 527 okha, wopendekera, kumapeto kwake kuli phiri. Kukakhala mitambo ndege sizitera. Sinthani ndalama za Nepal zokwanira ulendo wonse muli ku Kathmandu, chifukwa kupitirira Namche makina otapira ndalama kulibe.

Tsiku loyamba ndi lofewa, maola atatu kutsikira ku Phakding, mamita 2,610, m'mbali mwa mtsinje wa Dudh Koshi. Lachiwiri mumalowa m'paki pa Monjo, n'kuwoloka milatho yolendewera pa zingwe zachitsulo, kenako chitunda cha Namche, mamita 600 osapumira. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinamva mphamvu, Mulanje adakali m'miyendo, ndipo ndinasiya gulu m'mbuyo. Wotitsogolera anandipeza nditakhala pamwala, anangoti "bistari, bistari," kutanthauza pang'onopang'ono. Madzulo ake mutu unandiwawa ngati wamangidwa ndi waya, msuzi sindinaumalize. Kuthamanga sikufika. Liwiro loyenera ndi limene mungathe kucheza ndi mnzanu mukuyenda osadukiza mawu. Mukayamba kupuma mwawefuwefu, mwafulumira.

Panjira pali malamulo awiri. Mukamva mabelu, ndi ng'ombe zaubweya zija za yak kapena abulu atasenza katundu. Imani kumbali ya phiri, osati kumbali ya phompho, chifukwa nyamayo siidziwa kutalika kwa katundu wake. Ndipo mukafika pa miyala yolembedwa mapemphero kapena tinyumba topatulika ta Abuda, idutseni ili kudzanja lanu lamanja. Anthu a m'derali ndi Asherpa, ndipo limeneli ndi dzina la mtundu wa anthu, monga tinganenere Alhomwe kapena Ayao, osati dzina la ntchito yonyamula katundu.

Masiku opumira ndiwo ulendo weniweni

Pa Base Camp mpweya uliwonse umene mwakoka uli ndi pafupifupi theka la okosijeni amene mungakoke m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Thupi limazolowera popuma mozama, posintha mchere wa m'magazi kudzera mu impso, ndi popanga maselo ofiira ambiri, koma zimenezi zimatenga masiku. Lamulo la madokotala a za mapiri ndi lakuti mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi mupume tsiku.

N'chifukwa chake mumagona kawiri ku Namche ndi kawiri ku Dingboche. Kupuma kwake si kugona tsiku lonse. Mumakwera masana n'kubwerera kudzagona pansi. Ku Namche mumapita ku Hotel Everest View pa mamita 3,880, kapena ku Khumjung kumene kuli sukulu imene Hillary anamanga mu 1961. Ku Dingboche, mamita 4,410, mumakwera phiri la kuseri kwa mudzi mpaka pamene mungathe.

Pakati pa awiriwa pali Tengboche, pafupifupi mamita 3,860, kumene kuli nyumba yaikulu ya amonke. Tsiku limenelo limagwetsa ulesi, chifukwa mumatsika kaye mpaka kumtsinje kenako n'kukweranso zonse. Koma m'mawa wake, mukatuluka panja chisanu chili mbuu pa udzu, phiri la Ama Dablam litaima patsogolo panu ngati mayi wotambasula manja, mumaiwala. Kupitirira Pangboche mitengo imatha, kumatsala zitsamba zazifupi, miyala ndi mphepo.

Mumagona m'nyumba za alendo zimene amazitcha tea house. Zipinda ndi za matabwa opyapyala, zopanda moto. Kofunda ndi m'chipinda chodyera mokha, momwe muli mbaula yosonkhezera ndowe zouma za yak. Kutchaja foni, madzi otentha osamba ndi intaneti zonse ndi zolipira, ndipo mtengo umakwera limodzi ndi phiri. Foni ndi mabatire muzigona nazo m'chikwama chogonamo, kuzizira kumazimaliza.

Idyani dal bhat, mpunga wa mphodza ndi ndiwo zamasamba. Amawonjezera ulere mpaka mukhute. Nyama isiyeni mukapitirira Namche, chifukwa m'derali sapha nyama, yonse imabwera pamsana kuchokera kumunsi kwa masiku. Mukalakalaka nsima funsani dhido, chakudya chawo cha ufa wa mawere kapena chimanga, chovundula chimodzimodzi. Imwani malita atatu kapena anayi pa tsiku. Mowa, fodya ndi mapilitsi ogonetsa ayi.

Mutu ukayamba kuwawa

Pano werengani mofatsa. Matenda a pamwamba amayamba ndi mutu, nseru, kusafuna kudya, chizungulire ndi kutopa. Zikakhala zochepa, musakwerenso. Gonani pomwepo tsiku lina, imwani madzi ndi panado. Zikatha pitirizani. Zikapanda kutha kapena zikakula, tsikani.

Pali zizindikiro zina zosadikira kucha. Munthu akayamba kuyenda dzandidzandi ngati woledzera, kulankhula zosamveka, kapena kugona osadzutsika, ubongo watupa. Akamabanika ali chikhalire, kutsokomola konyowa, pachifuwa pakumveka kuwira, milomo itasintha mtundu, madzi alowa m'mapapo. Zonsezi zimapha m'maola ochepa. Mankhwala ake oyamba ndi kutsika, usiku womwewo, ndi munthu womuperekeza.

Ndinaziona ku Lobuche, pa mamita oposa 4,900. M'gulu lathu munali mnyamata wothamanga mipikisano, wamphamvu kuposa tonse. Mutu unamuyamba ku Dingboche koma anabisa, poopa kubweza gulu ndi kutaya ndalama zake. Usiku umenewo wotitsogolera anamuuza kuti ayende mzere wowongoka, chidendene kugunda chala, pakati pa matebulo. Mapazi atatu okha anagwira khoma. Anamuveka jekete, anthu awiri anamugwira uku ndi uku, matochi pamutu, n'kutsika naye ku Pheriche, kumene kuli kachipatala ka Himalayan Rescue Association. Anachira. Akananena ku Dingboche mwina akanangopuma tsiku limodzi n'kufika nafe. Abale anga, ife tinaleredwa kuti mwamuna salira ndipo mlendo sadandaula. Khalidwe limenelo lisiyeni pa Chileka. Wotsogolera akakufunsani m'mawa kuti mwagona bwanji, muuzeni zoona.

Chimodzi chisakuopseni: kudzidzimuka usiku ngati mpweya waima, kenako n'kupuma mofulumira. Zimachitikira ambiri pamwamba ndipo pazokha si zoopsa. Chifuwa chouma chobwera ndi mphepo yozizira chimachepa mukamaphimba pakamwa ndi kansalu poyenda.

Tsiku lofika

Musanafike ku Lobuche mumakwera chitunda cha Thukla, ndipo pamwamba pake pali milu ya miyala ya chikumbutso cha anthu amene anafera pa Everest, Asherpa ndi alendo. Anthu amangokhala chete okha.

Kuchoka ku Lobuche mumadzuka kusanache, maola atatu kukafika ku Gorak Shep, pa mamita oposa 5,100, malo omaliza ogona. Siyani chikwama, idyani, nyamukani. Njira imadutsa m'miyala ya m'mphepete mwa mtsinje wa madzi oundana wa Khumbu, kukwera ndi kutsika, maola awiri kapena atatu. Mapazi khumi, kupuma, mapazi khumi. Pansi pa miyalayo mumamva ayezi akulira ngati chitseko chakale. Mukafika mupeza chimwala chachikulu, timbendera tamitundumitundu, ndi kutsogolo chigumukire cha ayezi chimene okwera pansonga amayambira. Khalani mphindi 30, jambulani, bwererani kusanade. Usiku kumazizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro.

Ambiri amadabwa kuti pa Base Camp nsonga ya Everest sioneka bwino, mapiri a pafupi amaitchinga. Kuti muione yonse mumakwera Kala Patthar, kaphiri kakuda ka pamwamba pa Gorak Shep, mamita oposa 5,500, mbandakucha kapena dzuwa likamalowa. Pitani pokhapokha mutu uli bwino ndipo mwadya.

Kutsika

Zimene munakwera masiku asanu ndi atatu mumazitsika atatu: Pheriche, Namche, Lukla. Mpweya umakoma tsiku ndi tsiku, njala imabwerera, koma maondo ndi akakolo ndi pamene amavulala, chifukwa masiku ndi aatali ndipo maganizo afika kale kunyumba. Gwiritsani ndodo zonse ziwiri, mangitsani zingwe za jombo.

Usiku womaliza ku Lukla ndi pamene mumathokoza wotsogolera ndi onyamula katundu. Ndalama yake ikhale yopatulidwa kale mu envelopu kuyambira ku Kathmandu, ndipo muipereke m'manja mwa munthu aliyense payekha. Ndi anthu amene asenza makilogalamu oposa 20 ndi lamba wa pamphumi m'njira yomwe inu mumapumira mapazi khumi aliwonse.

Pakati pa tsiku lochoka ku Lukla ndi ndege yanu yobwerera ku Chileka siyani masiku awiri kapena atatu opanda kanthu. Ife mitambo inatitsekera masiku awiri, ndipo amene anali ndi matikiti a mawa lake anagula mpando wa helikopita pa madola mazana angapo, ena anataya tikiti yonse ya ulendo wobwerera kwawo.